Bowa wa Kuseri kwa Chingwe

Lachitatu, 9 Okutobala 1991

Analipo: ine, abambo (amuna anga), apolisi awiri a kutauni, ndi a Tadao Ogino amene anangoima kunja kwa geti ngati akudikira basi. Abambo awatenga tisanamalize kudya. Mpunga wawo ndauvundikira.

Ndilembe mwadongosolo kuti ndisadzasokoneze. Mwezi watha pa msonkhano wa mudzi, aliyense analemba pakapepala ndalama zomwe angapereke kuti azizula bowa wodula kwambiri wa matsutake m'phiri lomwe akufuna. Ndi mmene timachitira chaka chilichonse. Nyengo ya bowa phiri silikhala la mwini malo, limakhala la amene wapambana, mpaka pakati pa Novembala. Phiri la kuseri kwa nyumba ndi lathu, la banja la Hosomi, ndipo abambo akhala akulipambana chikwatiranireni, poti palibe ankafuna kulimbana nawo. Chaka chino analemba mayeni 180,000. A Ogino, amene abwerera kumudzi chaka chatha ndi penshoni ya ku Osaka, analemba 400,000. Anazunguliza chingwe choyera phiri lonse.

Lolemba abambo analumpha chingwecho n'kuzula mitu itatu yoti aike pa guwa la makolo m'nyumba muno. Bowa woyamba amapita kwa makolo, chaka chilichonse. A Ogino anakumana nawo akutsika, n'kukadandaula kupolisi. Dzulo atawafunsa kumeneko, abambo anati, "Ndinatenga, sindinabe. Phiri ndi la bambo anga. Ndipo mawa ndikweranso." Ndiye lero apolisi abwera ndi chikalata chowamangira.

Wapolisi mmodzi anandiuza pakhomo kuti, "Mayi, sitinanene kuti ndi olakwa ayi. Pakadali pano akungoganiziridwa." Ndinafunsa ngati woganiziridwa amaloledwa kumwa mankhwala a mtima. Akuti inde. Ndawapatsira a sabata imodzi.

Lachinayi, 10 Okutobala

Sanabwere.

Mu nyuzipepala muli mizere inayi. "Shigeharu Hosomi, zaka 67, woganiziridwa." Chaka chimene nyemba zathu zakuda zinapambana pa chionetsero analemba kuti Bambo Hosomi. Lero ulemu uja auchotsa, pamalo pake aikapo mawu atsopanowa, ngati ndi dzina lina lomwe makolo anaiwala kuwapatsa.

Kugolosale akazi a Ogino, a Kikue, amayankhula ndi mwini sitolo koma maso ali pa ine. "Wakuba ndi wakuba basi, kaya waba galimoto kaya bowa." Mwini sitolo pondibwezera chenji ananong'ona kuti, "Pepani ndi zachitikazi." Wansembe wa kukachisi ndinakumana naye pamlatho, iye akuti ndi "kusamvana". Mwana wanga Sachie waimba foni. Apongozi ake wawauza kuti bambo ake agonekedwa kuchipatala. Ndamuuza kuti asamaitane matenda.

Tsiku limodzi, mawu asanu. Munthu wake mmodzi yemweyo.

Loweruka, 12 Okutobala

Kwabwera loya amene Sachie wapeza, a Kinugawa. Onenepa, oyankhula pang'onopang'ono. Ndinawauza kuti sukulu ndinalekeza pulayimale, nkhondo ili mkati, ndiye andifotokozere ngati mwana. Anatenga makapu atatu a tiyi n'kuwandandalika patebulo.

Kapu yoyamba: woganiziridwa. Ndi pamene abambo ali. Apolisi akufunsa, woimira boma pa milandu akumvetsera, palibe chatsimikizika. Khoti lalola kuti awasunge mpaka pa 20.

Yachiwiri: woimbidwa mlandu. Woimira boma akasaina kuti nkhaniyi ipite kwa woweruza.

Yachitatu: wopezeka wolakwa.

Kenako anakankha yachiwiri mpaka inagunda yachitatu. "Mayi, m'mabuku awa ndi makapu awiri. Koma dziko lathu lino, mwa anthu zana oimbidwa mlandu, otuluka osalakwa sakwana awiri. Ndipo munthu amene akukana sachedwa kumanidwa belo. Akhoza kudya Chaka Chatsopano ali mkati. Ntchito yathu ndi yakuti asachoke mu kapu yoyambayi kupita mu yachiwiri."

Ndinati koma abambo sakukana, akuvomera kuti anatenga. Akuti kwa apolisi, kuvomera kuti unatenga koma n'kumati zinali zako, kumeneko ndiye kukana.

Njira ndi imodzi: a Ogino achotse dandaulo lawo. Akuti ndipite ndikapepese, ndinyamule kabokosi ka makeke abwino, osati a kugolosale.

Lamulungu, 13 Okutobala

Makeke mayeni 3,000. Ndapita kwa a Ogino masana. A Kikue anatsegula chitseko n'kulowa kukhitchini osapereka moni.

Tadao ndinaphunzira naye kalasi imodzi, anali mwana wolira akagwa. Ndinagwada, mphumi mpaka pa mphasa. Iye anati, "Mitsue, dzuka iwe, msana wakowo udzandiimbitsa mlandu ine." Anaseka yekha.

Ndinatchula ndalama, monga a Kinugawa anandilangizira. Anapukusa mutu. "Ndalama ndili nazo. Bwera uone." Anandionetsa dengu pakhonde. Timitu tiwiri, kamodzi kodyedwa ndi mphutsi. "Masabata awiri ndikukwera phiri lija m'mawa uliwonse. Mawondo atha. Akazi anga akuti ndinagula masamba a paini pa mayeni 400,000. Ndiye amuna ako angolowa kanthawi kochepa, atuluka ndi mitu itatu yonga zibakera. Ndinapsa mtima, ndisaname." Kenako anati, "Andionetse pamene umamera. Akatero, pepala la apolisi ndikachotsa tsiku lomwelo."

Malo amenewo abambo sanauzepo munthu, ngakhale Sachie. Iwo anawauza ndi bambo awo atatsala pang'ono kumwalira. Alipo asanu. Ine ndikudziwa awiri okha, kuyambira 1974 pamene anathyoka mwendo ndipo panalibe wina wokazula. Anandilumbiritsa pamaso pa guwa.

Tadao sindinamuuze zimenezi.

Lolemba, 14 Okutobala

Basi mayeni 640 kupita, 640 kubwera. Amalola mphindi khumi ndi zisanu. Galasi pakati, wapolisi pambali akulemba zonse. Ndevu zamera zoyera. Akutsokomola.

Choyamba anafunsa nyemba. Ndati zili bwino, ndiyamba kudula sabata ino. Kenako ndinawauza zomwe a Ogino akufuna.

"Ameneyo? Woyenda m'phiri ndi nsapato za ku ofesi? Akafunse bambo anga kumanda."

"Abambo, akakuimbani mlandu simutuluka msanga."

"Andiimbe. Ndikufuna woweruza anene ndi pakamwa pake kuti munthu angabe m'phiri la bambo ake."

"A Kinugawa akuti anena."

"Ndiye anene ndimve." Anatsokomola nthawi yaitali. "Muno m'mawa uliwonse akundipatsa pepala lolembedwa kuti ndinaba. Ndikuwauza kuti fufutani liwu limenelo ndisaina. Mnyamata wina akuti, agogo, ndi liwu chabe. Ndamuuza kuti ngati ndi liwu chabe lichotse."

Wapolisi wolemba uja anamwetulira, kenako n'kubisa nkhope.

Potuluka abambo anandiitana. "Iwe. Usachite zopusa." Akudziwa zomwe ndikudziwa.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndadula nyemba mizere itatu. Kupolisi aimba kuti abambo atentha thupi, dokotala wawaona, akuti si zoopsa. Ndiwapititsire mankhwala ena ndi juzi yopanda zingwe.

Ndapukuta guwa. Bowa uja anamutenga ngati umboni, ndiye mbale ya makolo ili yopanda kanthu. Ndaikamo mpunga. Ndinakhala pamenepo kanthawi. Sindinapemphe chilolezo, ndinangowadziwitsa.

Lachitatu, 16 Okutobala

Analipo: ine ndi Tadao. Ndinamuuza kuti a Kikue asabwere, ndipo asatenge kamera.

Anapuma kanayi tisanafike pa mwala wong'ambika. "Kodi iwe uli ndi mapapo a mbuzi?" Ndinati ndi mapapo a munthu amene sanakhaleko ku Osaka.

Pamwala paja ndinamuuza kuti agwade, ayang'ane chokwera, tsaya pafupi ndi nthaka. Poyamba sanaone kanthu. Kenako anaona pamene masamba atukuka pang'ono. Anakuwa ngati mwana. Apa wadutsapo kakhumi, akutero, mwina anapondapo kumene. Anatulutsa kakhasu m'chikwama n'kuyamba kupalasa masamba onse, kukumba mozungulira kuti aone ngati pali wina pansi. Ine kale ndinkangozula ndi dzanja monga anandiuzira abambo, koma chifukwa chake sanandiuze, ndiye sindinamuletse. Malo achiwiri, pansi pa paini wopindika, chimodzimodzi. Yonse mitu khumi ndi umodzi.

Potsika anafuna kundipatsa iwiri. Ndakana. Anati, "Alipo enanso, eti?" Ndinati amene ndikudziwa ndi omwewa, ena akafunse eni ake. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Chabwino. Mawu ndi mawu."

Miyendo ikuwawa.

Lachinayi, 17 Okutobala

Tadao wapita ndi a Kinugawa kukachotsa dandaulo. Wadinda chidindo chake.

A Kinugawa adutsira kuno pobwerera. Akuti akhala ndi abambo ola lathunthu kufunafuna chiganizo chomwe iwo angasaine ndipo woimira boma angalandire. Chomwe agwirizana ndi ichi: "Ndinalumpha chingwe ndikudziwa kuti nyengo ino bowa wa m'phirimo si wanga." Liwu lija mulibe. Abambo akuganiza kuti Tadao wachotsa dandaulo chifukwa cha manyazi. A Kinugawa sanawauze zina. Akuti imeneyo si ntchito ya loya.

Lachisanu, 18 Okutobala

Atuluka masana. Tinakawatenga pa galimoto ya a Kinugawa. Aonda, lamba wafika pa bowo lomaliza.

M'galimoto abambo anafunsa loyayo kuti, "Ndiye boma lati chiyani?"

"Lati silikuimbani mlandu."

"Kutanthauza kuti sindinalakwe."

"Sananene choncho, bambo. Kusaimba mlandu kuli mitundu. Pali poti munthu sanachite. Pali poti umboni ndi wochepa. Ndiye pali poti anachita ndithu, koma taona kuti nkhani ithere pompa. Inu ndi wachitatuwo."

"Ndiye andikhululukira chinthu chomwe sananditsimikizire."

"Mukhoza kutero."



Asamba, ameta, agwada pa guwa. Ndinawaikira mpunga, nsomba yootcha ndi msuzi. Anadya theka. Kenako anayang'ana pakhomo pamene ndimaika nsapato zanga za kumunda. Sindinazitsuke. Dothi lofiira la kuphiri lija kumunda wa nyemba kulibe.

"Unamuonetsa angati?"

"Awiri. Omwe ndikudziwa."

"Pamwala?"

"Eya. Ndi pa paini wopindika."

Anaika timitengo todyera pansi bwinobwino. Ndinadikira kuti anditchule dzina lililonse limene angafune. Zonditchula zilipo, ndipo ine palibe choti wina andiganizire, ndinachita. Koma anangofunsa kuti, "Anazula ndi chiyani?"

"Ndi kakhasu. Anapalasa masamba, n'kukumba mozungulira."

"Maenje anakwirira?"

"Ayi."

Anatseka maso. "Chitsiru. Pansi pamenepo pali mizu yoyera ngati ufa. Ikaona dzuwa masiku atatu yafa, ndipo sidzukanso. Bambo anga anaisamala zaka makumi asanu." Anawerenga pa zala kuchokera Lachitatu. Anaimirira, mwendo uja unawavuta, anagwira khoma.

"Imba foni."

"Kwa ndani?"

"Kwa mnzako wa kusukulu. Umuuze kuti asakwerenso yekha. Mawa kukacha andidikire pa chingwe chake, ndipo kakhasu kajako akasiye kunyumba."

Ndinaimba. Anayankha ndi a Kikue. Ndinati ndikufuna amuna awo. Ndisanamve mawu a Tadao, abambo anatenga foni m'manja mwanga, osandiyang'ana.