Impso ya Yohane

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kunja kuno ku Rockingham ana ali bwino, koma ine ayi.

Lachiwiri adokotala anandiitanitsa. Atakoka mpando n'kukhala pafupi nane, ndinadziwiratu kuti zinthu sizili bwino. Akuti mu impso imene mlongo wathu Yohane anandipatsa mwapezeka khansa. Inachokera m'thupi mwake ili yaing'ono kwambiri, moti makina sanaione.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye titani?"

Iwo anati, "Musiye mankhwala oletsa thupi kukana impso, kuti thupilo lilimbane ndi khansayo. Kenako impsoyo tiichotsa."

Achemwali, ndikaisunga indipha. Akaichotsa ndibwerera pa makina otsuka magazi, ndipo ulendo wobwera kumudzi uja wafera pomwepo. Ndavomera. Ndikanatani?

Chikundisowetsa mtendere ndi Yohane. Ayenera kukayezetsa msanga, chifukwa watsala ndi impso imodzi. Ndikamuimbira amayamba n'kuseka, amvekere, "Impso yanga ikukusungani bwino?" Basi mpaka lero sindinamuuze.

Chonde mupite naye kuchipatala inuyo nokha. Azakhali asamve, mukuwadziwa. Paja ankakana kuti ziwalo sagawana, ndiye mawa mudzi wonse udzati Yohane anandilodza.

Mumuuze kuti sindikudandaula. Pa makina paja madzi akumwa ankachita kundiyezera. Chaka chonsechi ndamwa mpaka ludzu kutha, ndipo anandimwetsa ndi iyeyo.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mng'ono wanu,
Tiyamike