Mbale Yakuda Ikudikira Inu

Okondedwa achimwene Dehou,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Shenzhen. Kuno ku Pengcheng chisanu chayamba msanga. Bambo akudya ndithu, koma phala la mapira lokha, nalonso amangolawa.

Mukuikumbukira mbale yakuda ija ya maluwa oyera, imene agogo anafukula polima? Kunabwera anthu a kunyumba yosungirako zinthu zakale. Anaigwira atavala magolovesi, mbale imene malemu mayi ankatsukiramo kabichi! Akuti ndi ya nthawi ya mafumu akalekale otchedwa a Song, choncho ikakhale m'galasi, dzina la banja lathu lili pambali.

Bambo anawaloza ndi ndodo. "Chokani apa! Imeneyi adzaiswa Dehou pakhomo, tsiku lotuluka bokosi langa. Kumene ndikupitako ndikadyera m'galasi lanulo?"

Ndinawagulira mphika wadothi pamsika, wonga umene mabanja onse amaswa pamaliro kuti womwalirayo akadyeremo kumene akupita. Anati, "Iwe Qiulan, ukufuna ndikafike kwa amako ngati wopemphetsa?"

Achimwene, ine ndikaiyang'ana mbaleyi mtima umandiwawa. Yapirira zaka mazanamazana osang'aluka, ndiye ithere pakhomo pathu? Komanso mawu a bambo ndingawaphwanye bwanji? Mukudziwa kuti mwana wamkazi saswa mbale ya maliro, ndi ntchito ya mwana wamwamuna woyamba. Kuiswa kapena kuipereka zili ndi inu. Ndatopa kuyankha mafunso oyenera inu, inuyo muli phee.

Dzulo bambo anandiuza kuti ndiitsuke, ndiiike pafupi ndi chitseko. Ndaiika.

Bwerani, musadikire Chaka Chatsopano.

Ndine mlongo wanu,
Qiulan