Tupa ndi mawu a Rita

Aphungu,

Ndine wokonza njinga kuno ku Minga, ndipo ndimaphunzitsanso kwaya ya kumudzi kwathu. Ndili ndi kompyuta ya pa tebulo imene anandisiyira a Sitali, aphunzitsi amene ankayimba nafe, atawasamutsira ku Mongu. Iwowo ndiwo anandiphunzitsa kujambula mawu a munthu aliyense payekha, kenaka n'kuwasanja pamodzi.

Woyamba kumujambula anali mkazi wanga Rita. Anayimba ataima pakhomo, beseni la zovala lili m'chiuno, ndipo atamaliza anati, "Atate ake Natasha, mwasiliza? Nifuna nikayanike dzuwa likalibe kulowa." Mawu amenewonso anajambulika pamodzi ndi nyimboyo. Chaka chatha mu Juni, Rita anatisiya.

Masana ndikamawongola masipoko, mtima umandithawa. Ndimaona basi ya ku Lusaka itaima pa Nyimba, amayi a nthochi ataunjikana m'mawindo, m'katimo mukulira nyimbo yathu, Rita akutsogolera. Wina akufunsa kondakitala kuti mayi woyimba chonchiyu ndi wa kuti. Ndimangodzidzimuka mwini njinga akundigwedeza phewa.

Kumapeto kwa mwezi uno tikuvundukula chiliza chake, ndipo ndikufuna kwaya yonse idzamveke ikumuyankha m'nyimboyo. Koma ndikangosanja mawu a anthu opitirira anayi, kompyuta imauma gwa. Anzanga akuti ramu, kachipangizo kothandiza kompyuta kunyamula ntchito zambiri nthawi imodzi, yachepa. Ndinakagula ina ku Nyimba, wogulitsa n'kuti, "Iyi ni yanyowani, abambo, izaseŵenza chabe." Kufika kunyumba, kampata ka m'munsi mwake sikakugwirizana ndi kachitunda ka pamalo poilowetsa. Kwangosiyana pang'ono zedi.

Aphungu, ine zaka makumi awiri zonsezi chitsulo chikakana kulowa ndimachipala ndi tupa, chimalowa. Tupayo ndaiika kale pambali pa kompyuta. Ndikuopa kuti mawu a Rita angandithawe kachiwiri. Ndipale?

J.M., Petauke

Bambo J.M.,

Bwezerani tupayo m'bokosi la masipanala musanamalize n'komwe kuwerenga yankho lino. Kampata kaja anakaika dala kuti ramu yolakwika isalowe. Yanuyo ndi ya mtundu wina, ndipo mphamvu ya magetsi imene imafuna ndi inanso. Mukaipala n'kuikakamiza, ikhoza kupsa pamodzi ndi bolodi lalikulu la m'katimo. Wogulitsayo sananame kuti ndi yatsopano, koma kompyuta ya a Sitali ndi nkhalamba, imafuna ramu ya msinkhu wake.

Pepani kwambiri chifukwa cha mayi a Natasha. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo basi ya pa Nyimba ija nanenso ndaiona.

Mtima m'malo, mawu a Rita sakhala mu ramu. Ramu ili ngati benchi lanu logwirirapo ntchito: likachepa, zitsulo zimasowa poyala. Mawuwo ali mu hadi disiki, mosungira zonse. Chimene chikundidetsa nkhawa ine n'chakuti ali malo amodzi okha, m'makina otopa. Choncho lero lomwe, musanagwire sikuludalaiva, akopereni m'mafulashi awiri ndi m'foni. Fulashi imodzi akasunge Natasha.

Mukatero, zimitsani kompyuta, zulani nthambo kukhoma, dinani batani loyatsira kuti magetsi otsalira athe. Tsegulani bokosi la kompyutayo, ndipo gwirani chitsulo chake musanalowetse dzanja. Kankhirani kunja timakutu tiwiri ta m'mbali mwa ramu yakale, idzatumphuka yokha. Muigwire m'mphepete, osati pa timano take tagolide, ndipo muikulunge m'pepala louma. Jambulani pafoni dzina lolembedwa pa bolodi, mubwerere ku Nyimba ndi maramu onse awiri. Kumeneko aone nambala ya pa yakaleyo, kaya DDR2 kaya DDR3, akupatseni ya nambala yomweyo koma yokulirapo, malinga ndi mmene bolodi lanu lingalolere. Muyerekeze mipatayo ndi maso anu musanatuluke m'sitolo. Pobwezera, dinani ndi zala zazikulu ziwiri mpaka timakutu tija titseke tokha.

Chenjezo langa ndi ili: chilichonse chikakana, siyani, musalimbane nacho chifukwa masiku akutha. Ramu yoyenera ikapanda kupezeka m'nthawi yake, mwambo sunawonongeke. Oyimba anu ali moyo, ali ndi pakamwa. Tengani sipika, muike Rita yekha atsogolere, iwo amuyankhe ali chiimire pa chiliza pomwepo. Za basi zidzabwera pambuyo.

Ndipo posanja nyimboyo, mawu aja a zovala zokayanika musawadule. Tsiku lina Natasha adzawafuna kuposa nyimbo yonseyo.

Aphungu