Maso a Wezi Achita Chikasu

Salisbury Lines, Mzuzu
Lachinayi, 3 koloko masana

Mwana wanga Winston,

Monire. Uli bwanji ku Joniko? Ine miyendo ikutupabe, koma za miyendo zisiye. Ndalemba chifukwa pafoni umandidula ndisanamalize. Kalatayi ikwera basi ya mawa.

Mwana wako Wezi wagonekedwanso kuchipatala. Ukukumbuka mmene TB inamulowera m'mutu, khosi gwa ngati mtengo, kamwana ka zaka zitatu kosazindikira ndi mayi ake omwe. Mapilitsi ndiwo anamubweza. Potuluka anesi anatiuza kuti tisadumphitse tsiku, ndiponso mkodzo ukafiira tisaope, ndi utoto wa mankhwala. Za maso kaya ananena, ife sizinatilowe.

Ndiye maso atayamba chikasu, mkazi wako Glory anati ndi utoto womwewo wakwera kumaso. Ine ndinati ndi chikasu chathu chakale chija, n'kugula mizimbe, tikumufinyira madzi ake. Uku mizimbe, uku mapilitsi, osadumpha tsiku. Tinamvera chomene. Mwana akusanza, akukana ndi nthochi yomwe, ukamukhudza kamimba chakumanja akulira.

Adokotala atapima magazi anati chiwindi chapweteka, mankhwala amene akupulumutsa ubongo ndi omwewo akuchiwotcha. Amphamvu aja awaimitsa, akumupatsa ena. Ati chiwindi chikapuma adzawabwezera amodzi amodzi, uku akupima magazi. Ndinawafunsa ngati achira. Anangoti tidikire.

Tsopano zako. Dzulo mng'ono wako Frackson anabwera ku wodi ndi galimoto, akuti iwe walamula kuti mwana atuluke, apite kwa azakhali ako ku Nkhata Bay, mapilitsi atayidwe m'chimbudzi poti ndi poizoni. Ndinakhala pansi pakhomo, n'kumuuza kuti ayambe wanyamula ine. Akuti abweranso Lolemba. Glory amakuopa, ukanena iwe avomera.

Iwe Winston, khosi lija unaliona pa vidiyo ya pafoni, uku ukutafuna. Ife ndife tinamugwira akukomoka. Adokotala anena poyera kuti akasiyiratu mankhwala TB ibwerera m'mutu, ndipo ngakhale apulumuke angakhale wosamva kapena wosayenda. Nanga pakhonde pa azakhali akopo alipo wopima magazi?

Inenso mapilitsiwo ndikuwaopa. Koma mmene mwana analili asanayambe kumwa ndinaona ndi maso angawa.

Umuimbire Frackson Lolemba lisanafike. Ukapanda kutero andipeza pakhomo pomwepo ndi miyendo yotupayi, ndipo mundikoke nonse awiri, iye ndi manja, iwe pafoni.

Mulungu akusunge. Moni kwa abale onse kumeneko. Ukawerenga umupatse Goodwell, mnzako wogona naye chipinda uja, poti ndamva kuti za poizonizi wakuphunzitsa ndi iye. Awerenge mokweza, iwe ulipo.

Ndine mayi ako,
NyaChirwa