Ndinangoti Chilichonse

Loweruka madzulo. Kwazizira tsiku lonse, ndipo ine ndangokhala phee.

Lero ndinapita koyamba kukathandiza ku bungwe lina la ku Lafayette Road, lomwe limagawa zakudya komanso kuyeza anthu BP kwaulere. Pa fomu ndinalemba kuti ndine nesi, koma zikuoneka kuti palibe anaiwerenga. Mayi woyang'anira atandifunsa zimene ndingagwire, ndinayankha mmene tinaleredwera: "Chilichonse, mayi." Kutchula unesi pakamwa ndinaona ngati kudzitama. Basi anandipatsa zitini za nyemba kuti ndizisanja.

Patebulo loyezera panali bambo wina wamtima wabwino, koma ankamanga lamba wa makina pamwamba pa jekete, zomwe zimachititsa kuti makinawo aname. Anayeza choncho agogo ena aakazi, n'kuwauza kuti ali bwinobwino. Ine ndinaona, koma ndinaopa kumuchititsa manyazi pagulu.

Nditawafotokozera pafoni achemwali anga a ku South Bend, anangoti, "Kuno kudziko la eni safunsa kawiri. Ukanangonena."

Bungwelo landikhumudwitsa, inde. Koma agogo aja potuluka anandidutsa pafupi, akugwira chipumi, ndipo ine nesi wa zaka zonsezi ndinali nditanyamula nyemba.