Timakandulo ta Apongozi

Lolemba, 3 Malichi

Apongozi aamuna abwera ndi envulopu ya khaki, yonenepa ngati pilo. M'katimo mitengo ya masheya awo a kampani ya simenti, miyezi itatu, yolemba pamanja tsiku ndi tsiku. Potsegulira, pokwera, potsika, potsekera, ndi kuchuluka kwa masheya ogulidwa. Akufuna tchati, aone ndi maso. Loweruka banja likumana kuti agulitse kapena ayi.

"Iwe mwana wanga, poti ntchito yako ndi ya kompyuta," atero. Ine wongotayipa makalata a sukulu ine! Koma ndavomera msangamsanga. Matama.

Lachiwiri, 4 Malichi

Nthawi ya nkhomaliro, mu ofesi. Manambala onse ndalowetsa, khosi gwa. Tchati chatuluka cha mizati yabuluu yokhayokha, mtengo osaoneka. Ahedi podutsa: "Mukumanga nyumba zosanja?"

Ndachitulukira chifukwa. Masheya ogulidwa ali m'mamiliyoni, mtengo ndi 84 chabe, makwacha pa sheya imodzi, ndipo zonse zikuyezedwa pa mzere umodzi wa manambala. Mtengo ungaoneke bwanji? Ndaupatsa mzere wakewake kumanja. Timakandulo tosonyeza mtengo wa tsiku lililonse tangoti tulukiru! Ndavina ndili pampando.

Lachitatu, 5 Malichi

Timakandulo tisanu, mpata, tisanu, mpata, ngati m'kamwa mwa mwana wogweluka mano. Kompyuta ikusungira malo Loweruka ndi Lamlungu, pomwe msika wa masheya sutsegula. Ndaiuza kuti madeti iziwaona ngati mawu wamba. Mipata yatsekeka.

Vuto lina. Mzere wa mtengo ukuyambira pa ziro, ndiye timakandulo taunjikana pamwamba, tating'ono ngati mpunga. Zonse phee, ngati palibe chachitika. Ndasintha kuti uyambire pa 80, uthere pa 90. Mayo ine! Chiphedi. Koma mtengo wangotsika kuchoka pa 88 kufika pa 84. Mtima unagunda ndithu, chonsecho ndasintha ndekha ndi zala zangazi.

Lachinayi, 6 Malichi

Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, watulukira ku ofesi ndi chokoleti. Sanandigulirepo ngakhale switi chikwatiwire. Maso ake ali pa minibasi, akuti bambo akagulitsa masheya amuthandiza. Ataona chiphedi chija anachita kuomba m'manja. "Alamu, chimenechi ndiye tchati! Simungachipanikizenso pang'ono?"

Kunyumba nako, amuna anga akufuna chogona chija, choyambira pa ziro, kuti bambo asagulitse. "Chinacho ungowakwezera nacho BP," akutero.

Aliyense akufuna ndimunamizire, koma popanda kusintha nambala ngakhale imodzi. Chokoleti ndadya. Kulonjeza sindinalonjeze. Koma ndili ndi mantha. Mkulu uja andikhulupirira, chimene ndimuonetse ndi chimene atsatire.

Lamlungu, 9 Malichi

Za dzulo. Ndinasindikiza zonse ziwiri, n'kuziyala pa tebulo. Ndinati, "Bambo, manambala ndi amodzimodzi. Ndangosintha poyambira mzere wa m'mbaliwu." Amuna anga kundiyang'ana, mlamu kundiyang'ana. Ine maso pa nsalu ya tebulo.

Apongozi anavala magalasi. Timakandulo sanatilabadire n'komwe, chala chinangolunjika pa manambala a m'mbali. Kenako kuseka mpaka kutsokomola. "Ndiye chinthu chomwechi chikhoza kukuwa, chikhozanso kugona tulo?" Anafunsa ana awo kuti aliyense anasankha chiti. Mlamu anangoyamba kuwerenga kalendala ya pakhoma.

Kenako apongozi anati, "Ziro ndi wa ndani? 80 ndi wa ndani? Yambira pa 31, mwana wanga. Ndi mtengo umene tinagulira."

Ndinatsegula laputopu pomwepo, ndinalemba 31. Timakandulo tinakwera m'mwamba, kutsika kuja kunangokhala ngati kasitepe kamodzi ka pakhomo. Pansi pake malo oyera, aakulu, opanda kanthu.

Apongozi anaika chikhatho chonse pamalo oyerawo. Anakhala nthawi osachichotsa.

"Apa ponsepa ndi pa malemu mayi anu," anatero. "Ine ndinkafuna njinga yamoto. Anandikaniza, anati tigule masheyawa."

Sagulitsa. Ine ndinathawira kukhitchini, ati kukaona tiyi.