Magazi Anga kwa Mwana wa Mayi Uja

Okondedwa Amayi,

Muli bwanji kumeneko? Nanga mwendo uja ukutupabe? Ine ndili bwino, kungoti makina anga osokera kufakitale ayamba kudula ulusi, ndipo abwana akuti vuto ndi ineyo.

Uthenga wanu wandipeza kudzera kwa amalume. Akuti ndikangopita kuchipatala kukathandiza mwana wa mayi uja, ndisadzapondenso pakhomo panu. Amayi, ndapitako kale, ndipo Lachinayi ndipitanso.

Ndamuona ndi maso angawa. Wagona m'kachipinda kayekha, tsitsi lonse linathothoka, ndipo ndimalowamo nditatseka pakamwa ndi pamphuno. Mafupa ake anasiya kupanga magazi abwino. Adokotala akuti m'kati mwa mafupa muli maselo amene amabala magazi, ndipo akamuika anga adzakhazikika m'mafupa akewo n'kuyamba ntchito. Mayi ake anafuna kupereka awo, koma anabwezedwa chifukwa cha matenda a mtima. Atandiyeza ine anapeza kuti tikugwirizana, ine ndi munthu amene mwakhala mukundiuza zaka makumi awiri kuti si mwana wa malemu bambo.

Sandicheka ayi, musaope. Akundibaya jakisoni masiku asanu, msana ukuwawa ngati ndachapa mabulangete tsiku lonse, basi. Lachinayi makina adzakoka magazi pamkono uwu, kusefa maselowo, otsalawo n'kuwabwezera mkono winawu. Zoti sindidzabereka, zimene azakhali akufalitsazo, ndafunsa ndipo n'zabodza. Udokotala anauphunzira liti azakhaliwo?

Zimene bambo anakuchitani ndikuzidziwa. Ndinalipo, ndinkakuonani mukulira, ndipo zimandipwetekabe. Koma iyeyu sanasankhe kobadwira, ndipo sindingamuonerere akufa mankhwala ake ali m'thupi mwanga.

Pempho langa ndi limodzi. Munditumizire chithunzi cha bambo chili m'sutikesi chija. Nkhope yawo sakuikumbukira, ndipo dzulo anandifunsa ngati amafanana nawo. Mphuno ndi yomweyo, Amayi.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa mng'ono wanga ndi ana ake, ngakhalenso kwa azakhali.

Anamwino andiuza kuti zikayenda bwino, magazi ake onse adzakhala ochokera kwa ine. Ndipo inetu ndinachokera kwa inu. Akachira tibwera awiri. Mukafuna kutseka chitseko mutseke, koma mudziwe kuti amene adzaime panjapo ndi magazi anu.

Ndine mwana wanu woyamba,
wamakani ngati inu nomwe.